Oyilo wa Mlamu Jackson

Mmawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, amalume anga a Boniface Ng'uni ankatuluka atavala vesiti n'kulunjika pansi pa mtengo wa mango pomwe pamagona galimoto yawo. Ankatsegula boneti, kuichirikiza ndi mpini wa khasu chifukwa kachitsulo kake kanathyoka kalekale, kenako n'kusolola kawaya koyezera oyilo. Madalaivala ena amangoona pomwe oyilo walekeza n'kubwezera kawayako. Amalume ayi. Iwo ankatenga kadontho pa chala chachikulu, kukapsinja ndi chala chamkombaphala, n'kulekanitsa zalazo pang'onopang'ono akuyang'anitsitsa. Oyilo akatamuka n'kupanga kaulusi pakati pa zala, nkhope yawo inkamasuka. Akangoduka ngati madzi, tsiku limenelo tonse m'nyumba tinkayenda mosamala.

"Zala izi sizinama," ankatero. "Pepala linganame, munthu anganame, koma izi ayi."

Amalume anagwira ntchito ya udalaivala pa ofesi ina ya boma kuno ku Chama kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Atapuma pantchito anagula vaneti yakale ya dizilo, yoyera kale koma tsopano ya mtundu wa fumbi. Wotchi yake ya makilomita inaima itadutsa theka la miliyoni, chaka chomwe ine ndinkalemba mayeso a giredi seveni, ndipo palibe akudziwa kuti yayenda mtunda wotani kuchokera pamenepo. Anthu pa siteshoni anaipatsa dzina loti NyaZimba, ngati mzimayi. Akazi awo a amalume, anti Salome, amangoitchula kuti "mkazi mnzanga".

Katatu pa sabata NyaZimba ankapita ku Tembwe n'kubwerako. Popita ankanyamula malata, mchere, feteleza ndi aphunzitsi obwerera kusukulu zawo. Pobwera ankasenza matumba a mpunga ndi chimanga, mbuzi, odwala, nthawi zina bokosi la maliro. Banja lonse linkadya pa msana pa galimoto imeneyi. Ine ndinabwera kudzakhala kwa amalume nditayamba sekondale, ndipo nditamaliza ndinatsalira pomwepo, kusoka zovala ndi anti Salome pakhonde. Pakhondepo munthu amaona zambiri ngakhale asalankhule.

Mavuto anayamba mu Seputembala chaka chatha. NyaZimba anayamba kutulutsa utsi wabuluu, ndipo oyilo ankatha ngati pali wina akumwa. Kukatentha masana, kanyali kofiira ka oyilo kankaphethira galimoto ikaima. Amalume anaitana a Fred, makanika wa kuseri kwa msika, munthu wamfupi amene salankhula asanamvetsere injini. A Fred anaika khutu pa chogwirira cha sikuludiraiva, nsonga yake itagunda injini, n'kukhala choncho kanthawi.

"Ba Ng'uni, mkazi wanu wakalamba," anatero potsiriza. "Mkati umu zitsulo zadyana, mipata yakula. Oyilo wopepuka angopita pamipata ngati madzi mu dengu. Mufunika wolemera, uja wa fifite. Mukamupeza, motoka iyi izakuonetsani mvula ya chaka chino na ya chaka chamawa."

"Nanga nikapanda kumupeza?"

"Izagogoda. Ndipo ikagogoda, injini ya mtundu uyu simuzaipeza ku Chama kapena ku Lundazi. Muzaikamo nkhuku ziziikira mazira."

Anti Salome anaseka pa makina awo osokera. Amalume sanaseke.

Kufuna oyilo wolemera ku Chama kuli ngati kufuna nsomba yaiwisi mu Okutobala. Amalume anazungulira masitolo onse. Kwina anapeza wa njinga zamoto, kwina wa magalimoto ang'onoang'ono a anthu a m'maofesi, kwina anawauza kuti adikire thiraki ya sabata yamawa. Pa tsiku lachitatu anafika pa sitolo ya a Cathrine, mzimayi wa ku Kabwe amene anatsatira amuna awo aphunzitsi n'kutsegula malo ogulitsa zipangizo za galimoto. Ine ndinali momwemo, ndikugula oyilo wa makina osokera.

A Cathrine anatsitsa chigubu pa shelefu. "Alipo, ba Ng'uni. Vigubu viwiri chabe, vabwera na basi dzulo. Onani apa, 20W-50."

Amalume sanayang'ane pomwe ankalozapo. Ananyamula chigubucho n'kuchikhutchumula pafupi ndi khutu. Mkati munamveka khutchu khutchu.

"Aka ni kamsuzi," anatero. "Tsegulani nione."

"Nikatsegula ndiye kuti mwagula. Chidindo ichi ndiye umboni wake."

Anakangana mpaka a Cathrine anatulutsa kabotolo kena kotsegula kale ka oyilo yemweyo, komwe kanakhala tsiku lonse pawindo, padzuwa. Anadonthezera pa chala cha amalume. Iwo anapsinja, n'kulekanitsa zala. Kaulusi kanaduka msanga.

"Mwaona?"

"Ba Ng'uni, oyilo uyu sagwira ntchito mu vala vanu. Nambala iyi ya fifite itanthauza kuti injini ikapsa, yeve sasungunuka ngati anzake. Kulemera kwake kuonekera mkati, pa moto."

"Mayi, ine ninayamba kuyendetsa motoka imwe mukali kuyamwa."

"Ndipo motoka yanu inayamba kuyenda amayi anga akali mtsikana. Gulani oyilo, mudala."

Amalume anapukuta chala pa thalauza n'kutuluka.

Nkhani sichedwa ku Chama. Madzulo a tsiku lomwelo kunyumba kunafika a Jackson, mlongo wawo wamng'ono wa anti Salome. A Jackson ali ndi tebulo pansi pa mtengo pafupi ndi siteshoni, pomwe amagulitsa petulo wa m'mabotolo, parafini ndi oyilo. Ndi munthu wa nsapato zonyezimira ngakhale mu fumbi la Okutobala, ndipo amaseka asanamalize chiganizo chake. Tsikulo anabwera ndi botolo la madzi akumwa lodzaza ndi chinthu chakuda bii.

"Mulamu! Namva muvutika na oyilo. Muyenda kwa alendo, mwasiya m'bale wanu? Kodi mlongo wanga munam'tenga ku sitolo ya Cathrine?"

"Uli na chani iwe?"

"Wa mathiraki a ku migodi. Wolemera weniweni. Uyu sapezeka mu sitolo, mulamu, abwera na anthu anga."

Anatsegula botolo n'kulipendeka. Oyiloyo anatuluka mwaulesi ngati uchi wa m'nyengo yozizira. Amalume anatenga kadontho, kupsinja, n'kulekanitsa zala. Kaulusi kanatalika, kanatalika, mpaka zala zinafika pomwe sizingatambasukenso, kosaduka. Ndinaona nkhope ya amalume ikuwala ngati munthu amene wapeza mbuzi yake yotayika.

"Nanga kununkha uku?" anafunsa anti Salome, atatseka mphuno ndi nsalu yomwe ankasoka. Fungo lake linali la mazira owola, ndipo linafika mpaka pakhonde.

"Ni mankhwala ake, asisi. Mankhwala abwino sanunkhira."

"Nanga kuda?"

"Imwe na ine ndise oyera?"

"Jackson, ine ninakubereka kumsana. Unagulitsa nkhuku yakufa yokha kwa abusa uli na zaka teni. Imwe amuna anga, atate a Thandi, osathira vinthu ivi mu motoka."

Koma amalume anali akuseweretsabe kaulusi kaja pakati pa zala. "NyaGoma," anatero kwa akazi awo, "imwe dziwani za singano. Izi nisiyireni."

Pali chinthu chimene ndinkachidziwa tsiku limenelo. Sabata yapitayo anti Salome anandituma kukapereka diresi kwa anti Purity, akazi a a Jackson. Kuseri kwa nyumba yawo ndinaona migolo itatu, ndi ndowa yomwe kukamwa kwake anamangako chitenje chachikasu chakale. Pachitenjepo panali matope akuda, akudontha pang'onopang'ono kulowa m'ndowamo. Ndinkaganiza kuti ndi oyilo wakutha wopaka mitengo ya denga kuti chiswe chisadye, monga amachitira anthu ambiri. Nditaona botolo lija, mtima unandiuza kuti zinthu ziwirizi ndi chimodzi. Koma pamaso pa akuluakulu atatu, ndinangoweramira pa msoko wanga.

Mmawa mwake amalume anakhetsa oyilo wakale n'kuthira wa a Jackson, mabotolo asanu ndi limodzi. Ndipo zoona, injini inatonthola. Utsi unachepa. Kanyali kofiira kanaleka kuphethira. Kwa sabata yathunthu amalume anayenda ngati mnyamata. Akamadutsa pa sitolo ya a Cathrine ankaliza hutala kawiri. Pa siteshoni ankaitana madalaivala anzawo, kuwasololera kawaya kaja n'kuwaonetsa kaulusi. A Sunday, amene amayendetsa kanta, kalole ka katundu, pa msewu wa ku Kambombo, anapita kukagula mabotolo awo tsiku lomwelo chifukwa cha mawu a amalume.

Chomwe sichinachoke ndi fungo. Linalowa m'malaya a amalume, m'mipando ya galimoto, m'matumba a mpunga. Anti Salome anayamba kuchapa zovala zawo pazokha.

Lachinayi la sabata yachiwiri ndinali ku Tembwe kukaona amayi, ndipo ndinabwerera ndi NyaZimba. Kumbuyo kunali matumba a mpunga makumi awiri ndi anthu asanu ndi atatu atakhala pamwamba pake. Ine ndinakhala kutsogolo, pakati pa amalume ndi bambo wina wogula mpunga wa ku Chipata, amene ankangoyang'ana wotchi yake. Linali dzuwa la masana a Okutobala, lija loti nyenje zimalira mpaka makutu kuwawa, ndipo mitengo ya tsanya inali itayoyola masamba onse, yopanda mthunzi.

Titangowoloka kamtsinje kouma, galimoto ikukoka pamchenga, kanyali kofiira kanayaka. Sikanaphethire. Kanayaka n'kukhala.

Amalume anazimitsa injini nthawi yomweyo, galimoto isanafike n'komwe pamtunda.

"Ah, mudala, ni chani manje?" anatero wogula mpunga uja. "Tatsala pang'ono. Kalaiti chabe ako, pitani."

"Tsikani."

"Basi ya ku Chipata izanisiya!"

"Nati tsikani, bambo. Olo muyende pansi."

Anatsegula boneti. Fungo lomwe linatuluka mmenemo linathamangitsa amayi awiri amene anali atatsika kudzaona. Amalume anasolola kawaya. Oyilo anali wodzaza mpaka pa chizindikiro chapamwamba. Anatenga kadontho kotentha, kupsinja, kulekanitsa zala. Kaulusi kanatamuka monga kale. Anabwerezanso. Kanatamukanso.

"Oyilo alimo," anadziyankhulira. "Wolemera. Nanga ni chani?"

Anapsinjanso kachitatu, ulendo uno akupekesa zala mwapang'onopang'ono, ndipo ndinaona nsidze zawo zikukumana. Munali timchenga. Anayandikitsa chala kumaso. Pa nsonga yake panali kanthu kopyapyala, kopindika. Anakapukuta pa vesiti yawo, ndipo pansi pa kudako panaoneka mtundu wachikasu.

Anthu anakwera njinga zamoto zomwe zinkadutsa, ena anayamba kuyenda pansi. Ife tinadikira maola awiri mpaka thirakitala ina yochokera kominda inavomera kutikoka. NyaZimba analowa mu Chama atamangidwa chingwe pakhosi ngati ng'ombe yopita kokaphedwa, ndipo njira yake inadutsa pa siteshoni pomwe. Amalume anagwira chiwongolero akuyang'ana kutsogolo kokha.

A Fred anafika kunyumba ndi masipanala awo, n'kugona chagada pansi pa galimoto. Atamasula kabawuti kokhetsera oyilo, palibe chinatuluka. Anatokosa ndi waya. Kenako kunatsika chinthu chokhuthala, chamabulumabulu, chikugwa mu beseni kuti phwa, phwa, ngati ndowe za ng'ombe yodwala.

"Mayo ine," anatero anti Salome.

A Fred anamasula sampu yonse, chibeseni chachitsulo chija chomwe chimasunga oyilo pansi pa injini, n'kuikokera poyera. Ndikanakonda ndikanapanda kuyang'ana. Pansi pake panali phala lakuda lofika theka la chala. A Fred analowetsamo dzanja n'kutulutsa kasefa komwe pampu imakokera oyilo. Kanali katatsekeka konse, ngati kavala chipewa cha ubweya wonyowa. Anayamba kuchotsa zinthuzo ndi nsonga ya waya, akuziyala pa katoni chimodzichimodzi: gaga wa chimanga, mchenga, mapiko a mphemvu, tiubweya totuwa timene palibe anafuna kufunsa mwini wake, ndi ulusi wambirimbiri wopotana.

"Pampu inali kukoka, koma palibe chinali kupita," anatero a Fred. "Oyilo odzaza pansi, pamwamba zitsulo zikudyana zouma. Ba Ng'uni, ichi munachitenga kuti? Muli oyilo wa giya umu, ndiye kununkha uku. Muli na girizi. Uyu ni oyilo wakufa, wokhetsedwa kale mu mainjini ena."

Amalume anatola ulusi umodzi n'kuuviika mu kapu ya dizilo. Unatuluka wachikasu.

"Ndi chitenje cha anti Purity," ndinatero. Mawuwo anatuluka aang'ono, koma onse anatembenuka. "Amasefera pa ndowa, kuseri kwa nyumba. Ndinaona."

Anti Salome anandiyang'ana nthawi yaitali, koma sanandikalipire. Anamanga chitenje chawo mwamphamvu n'kunena kuti, "Tiyeni."

Tinawapeza a Jackson ali pantchito kuseri kwa nyumba yawo. Anali atavula nsapato zonyezimira zija n'kuziika pa njerwa patali, atavala magambutsi. Theka la mgolo linali pamoto wa nkhuni, ndipo iwo ankavundula ndi thabwa. Pambali panali chitini cha girizi wakale wokokotedwa m'mawilo, ndi zigubu za oyilo wa giya wakuda. Migolo itatu ija inali yosavundikira. Pamwamba pa umodzi pankayandama gaga ndi nthenga za nkhuku. Mu wachiwiri munali khoswe wotupa, mimba m'mwamba, ubweya wake utayamba kusosoka. Nthaka yonse ya pamalopo inali yakuda ndi yonata, moti nkhuku zinkayenda zikukweza miyendo. Mabotolo a madzi akumwa otoledwa pa siteshoni anali mulu, ena akadali ndi malovu a eni ake.

A Jackson atationa anasiya kuvundula, koma kuseka sanasiye.

"Ah, mulamu! Mwabwera kuona fakitale?"

"Uyu ndiye wa ku migodi?" anafunsa amalume. Mawu awo anali otsika kwambiri.

"Wina ni wa mathiraki, zoona. Wina ni wa vigayo va ku Kambombo, wina wa majenereta. Mulamu, oyilo saola. Amada chabe. Ine nimusefa bwinobwino, nimupatsa mphamvu."

"Na khoswe?"

A Jackson anasuzumira mumgolo, n'kumuvuula khosweyo ndi thabwa lomwelo lovundulira, kumuponya kumpanda. "Wagwamo lero uyu. Dzulo munalibe."

Anti Purity anali ataima pakhomo la khitchini, akuyang'ana pansi. Anti Salome anayandikira mlongo wawo mpaka kutsala pang'ono kumugunda.

"Iwe Jackson, motoka ija ndiye inanyamula maliro a amama kuchoka ku chipatala kupita ku Tembwe. Ndiye inatenga mkazi wako usiku wa mwana wanu woyamba. Ana anga adya pamenepo. Ungaipatse vonyansa ivi?"

"Asisi, mulamu anafuna wolemera. Ananiyesa na vala vake, anavomera yekha. Nanga ine ninam'kakamiza? Madalaivala onse afuna oyilo wotamuka. Nikawapatsa wa mu sitolo akana, ati ni msuzi. Manje ine nichite bwanji? Nipanga chamene vala vawo vifuna."

Ndinkayembekeza kuti amalume amugwira pakhosi. Sanatero. Anayang'ana mgolo wa pamoto uja, akuona mafuta akuphulika thovu lakuda, kenako anayang'ana dzanja lawo lamanja. Anawerama n'kupukuta chala chachikulu ndi chamkombaphala pa dothi. Dothilo linali la oyilo lomwe. Anasuntha, kukapukuta pa khoma la nyumba. Kenako analavula, n'kutembenuka.

"Mulamu, osakwiya! Nizakupatsani wina wosefa kawiri!"

Palibe anacheuka.

Kuchoka pamenepo amalume sanabwerere kunyumba. Analunjika ku sitolo ya a Cathrine, ine ndi anti Salome tikuwatsatira kumbuyo. A Cathrine anali ataona kale NyaZimba akukokedwa ndi thirakitala. Anatsamira pa kauntala, manja atapinda.

"Lero simunalize hutala, ba Ng'uni."

"Ulipo uja?"

"Msuzi?"

Amalume analoza pa shelefu. "Uja wa fifite."

"Chatsala chimodzi. Chinacho anatenga a ambulansi." Anachitsitsa, n'kuwonjezera fyuluta yatsopano ndi kabotolo kena kodzazira. "Simufuna kuchikhutchumula?"

"Mayi, lero nachita kale manyazi okwana."

A Cathrine anasiya nthabwala. "Pitani mukamupulumutse mkazi wanu."

A Fred anatsuka sampu ndi kasefa kaja mu dizilo katatu, ndipo katatu konse dizilo anatuluka wakuda. Anapopera mpweya m'timipata ta injini ndi pampu ya njinga. Matope onse anawathira mu ndowa yakale ya penti, n'kuponyamo katoni ya ulusi ndi mapiko ija. Dzuwa likupendeka anabwezera zonse m'malo mwake. Amalume anathyola okha chidindo cha chigubu. Oyiloyo anatsika woyera ngati mafuta ophikira, kuwala kukudutsamo.

"Lizani," anatero a Fred.

Amalume anakhala pa mpando, dzanja pa kiyi, osaitembenuza. Anti Salome anali atasiya makina awo n'kuima pafupi ndi chitseko. Kenako injini inatsokomola n'kulira. Kanyali kofiira kanayaka. Tonse tinali kuyang'ana pamenepo. Kanakhala koyaka nthawi yokwana kupuma kanayi, kasanu, ndipo a Fred anali atakweza kale dzanja kuti azimitse pamene kanathima.

Palibe anaomba m'manja. A Fred anaika sikuludiraiva pa injini n'kutsamiritsa khutu. Anauza amalume kuti aponde pang'ono. Injini itakwera, ngakhale ine ndinamva: pansi pa kulira kwake panali kaphokoso katsopano, kakang'ono, ngati munthu akugogoda chitseko cha nyumba yakutali.

"Yakalika mkati," anatero a Fred. "Koma siinafe. Mukanayenda kilomita imodzi chabe na kalaiti kaja, sembe manje tikamba za nkhuku. Kuyambira lero matumba teni, osati twente. Pamchenga anthu azitsika. Oyilo uyu mukhetse pakapita masabata awiri, muthire wina wa chidindo, chifukwa vonyansa vikalimo mu makona."

"Izafika mvula?"

"Mukaimvera, izafika. Za chaka chamawa sinilonjeza."

Matumba khumi m'malo mwa makumi awiri: tonse tinadziwa tanthauzo lake pa nyumba ino, ndipo palibe analitchula. Pa chakudya chamadzulo amalume anasamba m'manja ndi sopo, kenako ndi phulusa, kenako ndi mandimu. Ananunkhiza zala zawo n'kukwinya nkhope. Anapempha supuni, n'kudya mpunga wawo ngati mlendo.

Mmawa mwake anatuluka ndi vesiti monga mwa masiku onse, kutsegula boneti n'kuichirikiza ndi mpini wa khasu. Anasolola kawaya. Chala chachikulu chinanyamuka chokha kupita ku kadonthoko, koma chinaima panjira. Anabwera pakhonde n'kutola kansalu koyera pa zidutswa zathu zosokera, kupukutirapo kawayako, n'kuyang'ana banga lake padzuwa nthawi yaitali. Kenako anatenga chigubu chopanda kanthu chija, kudula mbali yolembedwa nambala ndi mpeni, n'kuikhomera pa mtengo wa mango ndi msomali.

Atatero ananyamula ndowa ya penti ija n'kuikweza kumbuyo kwa NyaZimba. Anayendetsa pang'onopang'ono mpaka pa siteshoni, pomwe madalaivala anali kumwa tiyi ndipo a Jackson anali kuyala mabotolo awo pa tebulo. Ine ndinali m'galimotomo, ndikupita kukagula ulusi. Amalume anatsitsa ndowayo n'kuiika pakati pa tebulo, pafupi ndi mabotolo, n'kuchotsa chivundikiro. Anthu a tiyi anasuntha ndi makapu awo.

"Ba Sunday," anaitana. "Ndine ninakuuzani kuti mugule. Bwerani muone chamene chili mu kanta yanu. Osailiza lero. Fred ali panjira na masipanala, ndipo pansi pa motoka nizagona ndine."